Loweruka la mvula ku Ulónguè, makingi awiri m'manja

Lero ndadzuka tambala asanalire kukakweza matumba a mbatatesi pa lole yopita ku Tete. Mtengo wake sunandisangalatse, koma zimenezo tizisiye. Pofika masana mvula inali itaphimba mapiri onse cha ku Domwe, ndiye tinangounjikana pakhonde pa alamu anga, anthu asanu, makhadi n'kutuluka.

Masewera a poker anabwera nawo ndi mng'ono wanga amene amagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize. Ndi aja amati Texas Hold'em: aliyense amalandira makhadi awiri obisa, kenako pakati pamagwa asanu oti aliyense aphatikize ndi ake aja, atatu kaye, lina, n'kudzamaliza lina. Ife sitiika mametikali ayi, timaika nyemba. Wothedwa nyemba ndiye amagula zakumwa.

Sabata yatha inandipweteka. Ndinalandira ma A awiri, makhadi aakulu kuposa onse, omwe amabwera kamodzi pa maulendo 221 ogawa makhadi. Ndinafuna kuchenjeretsa, ndinangoika pang'ono kuti onse alowe mumsampha. Analowadi onse anayi, malume n'kundidya ndi 7 ndi 8, timakhadi tomwe akanataya ndikanakweza mtengo poyamba pomwe. Mng'ono wanga anandiseka mpaka misozi. Akuti ma A awiri akalimbana ndi munthu mmodzi amapambana pafupifupi ka 85 pa 100, koma ukawalowetsera anthu anayi amangopitirira theka pang'ono. Ndinatchera msampha wa mbewa, n'kukodwamo chala changa.

Ndiye lero nditasuzumira n'kuona makingi awiri, makhadi a K omwe amaposedwa ndi A yekha, sindinachite manyazi. Ndinaika nyemba zochuluka katatu kuposa zoyambira. Malume anataya makhadi akung'ung'udza: "Mwana iwe, ukufuna utimalizire mbewu?" Mnzathu wina naye anathawa. Tinatsala atatu, ine, mng'ono wanga ndi alamu. N'zomwe ndinkafuna.

Makhadi atatu aja atagwa, mtima unachita kuti phwii. A, 9 ndi 4. Ukagwira makingi, A amatulukira pa atatu oyambawo pafupifupi ka 23 pa 100, ndipo lero anasankha ine. Ndinaikabe theka la mulu umene unali pakati, kuti ndimve momwe anzanga akupumira. Mng'ono wanga anataya. Alamu anayamba awongola chipewa, n'kukankha nyemba zawo zonse mwakachetechete.

Apa ndinakhala nthawi ndithu. Makingi ndi okongola, dzanja limakana kuwasiya. Koma alamu ndimawadziwa. Ndi munthu woti ngakhale pamsika satchula mtengo wa mbuzi asanaigwire msana, ndipo chiyambireni masewerawa sindinawaonepo akuopseza ndi makhadi opanda pake. Munthu wotere akavomera mtengo wokwera poyamba, kenako n'kukankha zonse A ali pakati, nthawi zambiri amakhala ali ndi A mnzake. Zikatero ine ndikanangodalira kuti pakati pagwe mmodzi mwa makingi awiri okha otsala mumpukutu. Ndinawagoneka chafufumimba.

"Alamu, tationetsani, munagwira chiyani?"

"Alamu, kuona n'kolipira," anatero akuwolera nyemba m'chipewa.

Zakumwa anagula malume. Ine ndabwerera kunyumba m'matope, nsapato m'manja, ndipo mayi a kunyumba andifunsa chomwe ndimayankhula ndekha panjira. Mpaka pano sindikudziwa ngati A uja analipodi. Lolemba ndikawafunsa achemwali, mwina amuna awo amaulula akamadya nsima.