Una wa makoswe pansi pa chomwera cha zinziri

Phulusa limene ndimawaza madzulo kuzungulira khola la zinziri tsopano likumakhala lopanda mapazi a khoswe kukacha, ndipo mazira ndikumawapeza athunthu, choncho ndaganiza zofotokozera anzanga oweta mbalame mmene ntchitoyi yayendera. Kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, makoswe amavuta kwambiri anthu akakolola chimanga, chifukwa minda ikayera ndipo tchire likayamba kupsa, amasamukira kumene kuli madeya ndi madzi. Chaka chino anayamba ndi kuba mazira, kenako anapha anapiye a zinziri, n'kuwasiya atadyedwa mitu yokha.

Khola la nkhunda silinandivute. Lili pa nsanamira, ndipo nsanamira iliyonse ili ndi chitsulo chozondoka chonga chimene timaika pa miyendo ya nkhokwe, chokhomedwa pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi kuti khoswe asachidumphe. Zitsulozo anandisulira mmisiri wina wokhoma zidebe pa msika wa ku Ulónguè, amene ndimamudalira chifukwa amapinda lata mosasiya mpata pamene lakumana ndi mtengo, ndipo ndi yemweyo amene anakonza chivundikiro cha mgolo umene ndimasungiramo chakudya cha mbalame. Kuyambira pamene zitsulozo zinaikidwa, maunda amakula mpaka kuuluka, malinga ngati nthambi za mtengo wa mapeyala sizikhudza denga.

Vuto linali pa zinziri, zimene zimakhala pansi. Waya wa nkhuku wa mabowo a mamilimita 25 umatchinga galu ndi mphaka, koma khoswe wamng'ono amadutsa pa mpata wa mamilimita 12, ndipo mbewa imalowa ngakhale pa mamilimita 6 kapena 7. Waya wowotcherera wa mabowo a mamilimita 6 ndi wodula ndiponso supezeka nthawi zonse m'masitolo a pafupi. Ena amautenga ku mzinda wa Tete, koma kwa ife kuwoloka malire pa Calómuè n'kukaufuna ku Dedza n'kwapafupi, ngakhale kuti kusintha ndalama za metical kukhala makwacha kumadya mbali ina ya phindu. Ndinaukhoma m'mbali zonse, n'kuukwirira masentimita 40 pansi, kenako ndinaupinda kuloza kunja masentimita ena 30, chifukwa khoswe amakumba motsatira khoma, ndipo akagunda waya woyala pansi saganiza zobwerera m'mbuyo kuti akayambire patali.

Zonsezi zitatha, mazira anapitirira kusowa. Apa ndi pamene masiku ambiri anathera. Ndinayang'ana chitseko, ndinamata ndi simenti pamene malata akumana ndi njerwa, ndinafufuza wayayo diso ndi diso, koma sindinapeze bowo. Phulusa la kunja linalibe mapazi, pamene la m'kati linali ndi mapazi ndi mzere wa mchira, komanso ndowe zatsopano zakuda zinali pambali pa chodyera. Zimenezi zinkatanthauza kuti makoswe sankadutsa pa khoma konse, koma ankatulukira m'kati mwenimweni mwa khola, pamalo amene ndinali ndisanawaone.

Yankho linachokera kwa anyamata amene amakumba mbewa m'minda yozungulira. Iwo anaona milu ya dothi la mfuko m'mizere ya mbatata, mamita angapo kuchokera pa khola, ndipo anati ngalande za mfuko zikasiyidwa, makoswe amalowamo n'kuzisandutsa njira zawo. Mfuko payokha ilibe nazo ntchito mbalame, popeza imadya mizu, mbatata ndi chinangwa, koma imakumba mtunda wautali, ndipo ngalande ina inadutsa pansi pa waya wanga wokwiriridwa uja. Tinasamutsira zinziri zonse m'madengu kutali ndi khola, chifukwa mapapo a mbalame sapirira utsi, kenako anyamatawo anafukiza una wa m'mizere ndi udzu wonyowa monga amachitira posaka mbewa. Utsi unatulukira pansi pa mwala wafulati umene chomwera chimakhalapo. Dothi la pamenepo limakhala lofewa chifukwa cha madzi otayikira, ndipo una unali wobisika bwino moti munthu sakanauona popanda kunyamula mwalawo.

Ngalandeyo tinaikumba mpaka pamene inadutsa pansi pa khoma, tinaidzaza ndi miyala ndi zidutswa za njerwa, n'kuthirapo simenti. M'kati mwa khola ndinachotsa dothi lonse la pamwamba, ndinayala waya wa mamilimita 6 pansi ponse, ndinaulumikiza ndi wa m'mbali, ndipo ndinabwezerapo mchenga kuti zinziri zizisamba ndiponso kuti zisavulale mapazi. Amene akumanga khola latsopano ayambe ndi kuyala waya pansi, chifukwa kuchita zimenezi mbalame zili kale m'kati ndi ntchito yowawa msana.

Makoswe otsala ndinathana nawo ndi misampha. Khoswe amaopa chinthu chachilendo, choncho misampha yachitsulo ndinaisiya yosatchera, ili ndi chiponde, mpaka atazolowera kudyapo, kenako ndinaitchera yonse usiku umodzi, yoyang'ana ku khoma kumene amayenda. Diwa nalonso limagwira bwino, koma liyenera kukhala kumene nkhuku ndi ana safika. Mankhwala opha makoswe sindiwafuna pakhomo panga. Ambiri mwa iwo amaletsa magazi kuundana ndipo amatenga masiku atatu kapena kuposerapo asanaphe, ndiye khoswe wodwalayo amayendayenda mpaka kugwidwa ndi mphaka kapena kadzidzi, amene nawonso amadya poizoniyo. Kuwonjezera apo, kuno mbewa ndi ndiwo, ndipo palibe amene angadziwe ngati mbewa yogwidwa kuseri kwa mpanda sinadyeko mankhwala a pakhomo la munthu. Makoswe akufa ndimawanyamula ndi fosholo n'kuwakwirira mozama, chifukwa utitiri wawo umafalitsa mliri wa matenda otchedwa plague, ndipo chigawo chathu cha Tete chinauonapo ku Mutarara mu 1994.

Msampha umodzi unafwamphuka wopanda kanthu, ndipo mapazi a pambali pake anali aakulu, a bwampini. Ameneyu sindimuda kwenikweni, popeza ndi mtundu womwewo umene bungwe la APOPO linaphunzitsa kununkhiza mabomba okwiriridwa pansi, ntchito imene inathandiza kuti mu 2015 dziko la Mozambique lilengezedwe kuti lachotsa mabomba onse odziwika. Komabe bwampini amanyamula chimanga m'masaya kupita nacho ku una wake, ndipo msampha wa khoswe wamba sumugwira, choncho ndikufuna wa bokosi wogwira wamoyo.

Mvula isanayambe mu Novembala ndikufuna kuwaka simenti kuzungulira makola onse, kusuntha mizere ya mbatata kuti italikirane ndi mpanda, ndiponso kukulitsa khola kuti ndiyambe kuweta nkhanga. Ndikuganizanso zokhoma bokosi la kadzidzi pa mtengo wa bulugama wa kumunda, ngakhale ndikudziwa kuti nkhani ya kadzidzi pakhomo iyenera kuyamba yakambidwa ndi akuluakulu a pamudzi pano.