Magazi akataikira mu ubongo amayezedwa bwanji

Nkhani ya sitiroko ikutimaliza anthu akwathu kuno ku Joni, makamaka ija yoti mtsempha waphulika m'mutu chifukwa cha BP yosaisamala. Wodwala akangofika amathamangira naye ku CT scan, makina ojambula zithunzi zambiri zotsatizana za m'kati mwa mutu, ndiye pa chithunzipo magazi atsopano amaoneka oyera kuposa ubongo omwe umakhala wotuwa. Koma kungoona kuti magazi alipo sikokwanira ayi, adokotala amafuna adziwe kuti achuluka bwanji, poti akafika mamililita 30 basi zinthu zavuta, 30 yomweyo ndi masipuni awiri aakulu okha abale.

Njira yomwe ambiri amagwiritsa ntchito ndi ABC/2. Umayeza mulitali mwa magaziwo, mulifupi mwake, kenaka kuya kwake powerenga zithunzi zomwe akuonekamo, nkuchulukitsa zonse nkugawa ndi 2. Ndi yachangu zedi, foni yokha ikukwana. Vuto lake imaganiza kuti magazi aundana ngati dzira, pomwe nthawi zina amamwazika, apa pang'ono apo pang'ono, ena alowa m'mphako za madzi za ubongo, ndiye nambala imatuluka yokulirapo kuposa zenizeni.

Apa mpomwe segmentation imandisangalatsa ine. Kompyuta imapita chithunzi ndi chithunzi nkumajambula malire a magazi, kadontho kalikonse kakuti aka ndi magazi aka ayi, kenaka nkuphatikiza zonse. Kale zimenezi munthu amachita pamanja ndi mausi mpaka maso kuwawa, pano mapulogalamu ngati U-Net yomwe inatuluka mu 2015 ku Freiburg ku Germany amaphunzitsidwa ndi zithunzi zomwe akatswiri anajambula kale. Phindu lenileni lili pa sikani yachiwiri, ukafuna kudziwa ngati magazi akuonjezereka, mamililita 6 okha owonjezera ndi chenjezo kale ndipo ndi maso sungawaone bwino.



Komabe sindingasiyire kompyuta yokha m'bale wanga. Pafupi ndi chigaza fupa nalo limaoneka loyera, wodwala akagwedezeka mu makina chithunzi chimasokonekera, ndiye pulogalamu itha kujambula pomwe palibe magazi. Pamafunika radiologist, dokotala wodziwa kuwerenga zithunzizi, aone malirewo asanauze a opaleshoni nambala.