Brno yoikiza ija ndaigwira, koma kunenerera kwandidyera masiku 9

Loweruka lapitali ndinalipira chikole cha mfuti ya Brno ZKK 600 ya .30-06 yomwe ndakhala ndikuizonda kwa miyezi itatu pa sitolo ina ya mfuti kum'mawa kwa Pretoria. Ndaona kuti ndilembe nkhaniyi idakali yotentha, chifukwa anzanga angapo amene timapita limodzi kutchire akhala akundifunsa ngati kugula mfuti yoikiza, yomwe mwini wake waisiya m'sitolo kuti amugulitsire, kuli ndi phindu. Phindu lilipo ndithu, koma kanthu kamodzi komwe ndinalephera kufunsa pa tsiku loyamba kanatsala pang'ono kundiphonyetsa mfutiyi.

Mfuti yake ndi ya mtundu woyambirira uja wa ku Czechoslovakia, wokhala ndi peep sight (kabowo kosuzumira polunjikitsa) yobisika kumbuyo imene imatumphuka ukadina kabatani. Bolt, chitsulo cholowetsa ndi kutulutsa chipolopolo, ikuyenda myaa, ndipo nditaunika mumpope ndi katochi ka a mwini sitolo ndinapeza mizere idakali yakuthwa, popanda dzimbiri kapena timaenje, kupatula kuda pang'ono pafupi ndi chamber, malo omwe chipolopolo chimakhala powombera. Chilema chinali pa thabwa: kamng'alu kotalika ngati chikhadabo kuseri kwa tang (kamchira kachitsulo kolowa m'thabwa), komwe sikaoneka mpaka utapendeketsa mfuti moyang'anitsa kuwala. Pamwamba panali scope (galasi loonera patali polunjikitsa) yakale yomwe galasi lake layamba chifunga m'mbali. Kapepala ka mtengo kanali kolembedwa R14,500, ndipo nditakatembenuza ndinaona tsiku lomwe mfutiyi inalowa m'sitolo, miyezi 11 yapitayo. Deti limenelo ndi limene linandilimbitsa mtima, pakuti munthu amene wadikira pafupifupi chaka chathunthu amakhala atayamba kufewa.

Pa mfuti yoikiza, amene waima kuseri kwa kauntala si mwini katundu. Mwini wake anasaina SAPS 534, fomu ya apolisi yosamutsira umwini wa mfuti, mfuti inalowa m'kaundula wa sitolo, koma ndalama ndi yake, ndipo mawu omaliza pa mtengo ndi akenso. Sitolo imangodula gawo lake, lomwe pamalo pano ndi 15 pa 100 iliyonse. Izi zikusiyana kwambiri ndi mfuti yomwe sitolo inagula yokha motchipa kwa munthu wofuna ndalama msanga. Pa yoteroyo wogulitsa amadziwa pomwe phindu lake lathera, ndipo mukhoza kugwirana chanza nthawi yomweyo. Pa yoikiza, mawu alionse amadutsa pa foni, ndipo iwe sumva zomwe zikukambidwa mbali inayo.

Ndinatchula R11,000, ndikupereka zifukwa ziwiri zokha, mng'alu uja ndi scope yomwe ndikanaichotsabe. Sindikonda kunyoza katundu wa munthu pofuna kutsitsa mtengo monga timachitira pa kaunjika, chifukwa m'sitolo ya mfuti khalidwe lotero limangotseka makutu a wogulitsa, amene amaidziwa mfutiyo kuposa iwe. A mwini sitolo anati aimbira eni ake, bambo wachikulire amene anasiya kusaka maso atayamba kuvuta. Patapita masiku awiri ndinalandira uthenga wakuti bambowo avomera 11,000. Ndinagona mokondwa, ndipo m'mawa mwake ndinanyamuka ndi khadi la kubanki m'thumba.

Pa kauntala mpamene panatulukira vuto. Bambo aja anamva kuti 11,000 ndi ndalama yolowa m'manja mwawo sitolo itadula kale gawo lake, pamene ine ndinkanena ndalama yonse yotuluka m'thumba mwanga. Mnyamata wa m'sitolo amene a mwini sitolo anamutuma kuimba foni sanafotokoze mbali imeneyi, ndipo inenso sindinafunse. Masamu ake ndi awa: pa 11,000 yanga, eni mfuti akanalandira R9,350 yokha, ndipo kuti iwo alandire 11,000 yathunthu ine ndinayenera kulipira pafupifupi R12,940. Kusiyana kwake kunali pafupifupi R2,000, koma chovuta kwambiri chinali chakuti aliyense wa ife ankakhulupirira kuti mnzake wasintha mawu. Bambowo atamva za 9,350 anakhumudwa, nanena kuti kuli bwino mfuti ikhale pomwepo mpaka chaka chamawa, ndipo kwa masiku anayi sanayankhenso foni ya kusitolo.

Masiku amenewo ndinavutika mumtima kuposa momwe ndalamayo inkayenerera. Ndinaganiza zongolipira 12,940, koma ndikawonjezera ndalama yokonzetsera thabwa ndi ya scope yatsopano, mtengo wonse unkafika pomwe ndikanatha kuyang'ana Howa 1500 yatsopano ya m'bokosi. Komabe Howa siili ndi extractor (kokowe yotulutsira chipolopolo) yaikulu ya mtundu wa Mauser imene imagwira chipolopolo kuchokera m'magazini mpaka m'chamber, ndipo chimenecho ndicho chinandikokera ku ZKK poyamba pomwe.

Mtima wa bambo aja ndinaumvetsa chifukwa nanenso ndinaikizapo mfuti. Zaka zinayi zapitazo ndinasiya Lee-Enfield No. 4 yanga ya .303 pa sitolo ina, mfuti yomwe ndinaphera nswala yanga yoyamba ku Limpopo ndi zipolopolo za PMP. Ndinaiika pa mtengo wa chikondi, osati wa msika, ndipo inakhala pa shelefu miyezi 8 popanda woifunsa. Ma .303 odulidwa thabwa ali mbwee m'dziko muno, ndipo wogula salipira nkhani za nswala yako. Nditatsitsa mtengo inapita m'sabata ziwiri, koma tsiku lolandira ndalama, nditaona zomwe zatsala sitolo itadula zake, ndinamva ngati andibera ngakhale kuti ndinasaina ndekha pangano lake. Woikiza amawerengera nambala yolembedwa pa kapepala, ndipo amaiwala kuti yonseyo si yake.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinabwerera kusitolo ndi pempho lina. Ndinapempha a mwini sitolo kuti aimbe okha, osatumanso mnyamata, ndipo kuti atchule nambala ziwiri mosiyanitsa, yomwe ine ndilipire ndi yomwe bambowo alandire. Ndinatinso scope ichotsedwe ibwerere kwa eni ake pamodzi ndi mphete zake, popeza kwa ine inalibe ntchito koma kwa iwo inali katundu wakuti akhoza kugulitsa padera kapena kupatsa mdzukulu. Apa mpamene ndinaphunzira kuti pa mfuti yoikiza pali malo atatu onenerera, osati amodzi: mtengo wa eni ake, gawo la sitolo, ndi ndalama yosungitsira. Mfuti yomwe yatha miyezi 11 pa shelefu ikudya malo m'chipinda chotetezedwa, ndipo sitolo nayonso imafuna kuti ichoke. A mwini sitolo anakhala chete kanthawi akugogoda cholembera pa kauntala, kenako anati gawo lawo alitsitsa kufika pa R1,300.

Tinagwirizana motere patapita masiku ena awiri: ine ndilipira R11,800, bambo aja alandira R10,500 ndi scope yawo, ndipo sitolo isunga mfuti miyezi 6 popanda kundilipiritsa. Mfundo yomalizayi ndi yaikulu kuposa momwe imaonekera. Pansi pa Firearms Control Act, lamulo la mfuti la ku South Africa la chaka cha 2000, mfuti siituluka m'sitolo mpaka laisensi yanga itatuluka, ndipo tonse tikudziwa kuti ku Central Firearms Register, ofesi ya apolisi yoona za malaisensi a mfuti, zinthu zimatenga miyezi. Ndalama yosungitsira ya mwezi ndi mwezi ikhoza kudya zonse zomwe unapulumutsa ponenerera. Ndinaonetsetsa kuti zonsezi zalembedwa pa lisiti, kuphatikizapo zomwe zidzachitike ndi chikole changa ngati laisensi ikanidwa.

Chinthu china chimene ndinafunsa ndisanalipire n'chakuti kodi mfutiyi inasamutsidwa kale m'kompyuta ya apolisi kuchoka pa dzina la bambo aja kupita pa nambala ya sitolo. Mnzanga wina anabwezedwa ndi DFO, wapolisi woona za mfuti wa kudera kwake, chifukwa mfuti yomwe anagula inkaonekabe pa dzina la mwini wakale, ndipo SAPS 271 yake, fomu yofunsira laisensi, inangokhala m'kabati kudikira kuti zimenezo zikonzedwe. Yanga anandionetsa pepala lotsimikiza kuti inasamuka kale, ubwino wina wa mfuti yomwe yakhalitsa m'sitolo.

Tsopano kwatsala kalata yofotokoza chifukwa chofunira mfutiyi, yomwe ndiyamba kulemba sabata ino pansi pa gawo 15 la lamulo lija, lokhudza osaka mwa apo ndi apo. Iyi ikhala yachitatu mwa zinayi zomwe lamulo limandilola, choncho ndayamba kuganiza zofunsira udindo wa dedicated hunter (mlenje wodzipereka) kudzera ku bungwe la alenje la SA Hunters kuti gawo 16, lomwe limalola mfuti zoposa zinayi, linditsegukire. Mfuti ikadzatuluka ipita kaye kwa mmisiri wanga wa ku Centurion, bambo wodekha amene anandikonzera thabwa la .243 mwaluso moti sungaloze pomwe panali posweka, kuti akamate mng'alu uja ndi kuchita bedding, ndiko kukhazika bwino chitsulo m'thabwa. Ndiyeneranso kuzolowetsa chala changa safety (loko yoletsa kuwomba) ya ZKK, yomwe imayenda mosemphana ndi mfuti zambiri, pakuti umaikokera kumbuyo kuti uwombe. Ndikufuna kudzayesa zipolopolo za 180 grain pa ngoma nyengo yozizira ikubwerayi ngati mapepala alola. Ndipo pa shelefu yomweyo, mfuti ziwiri kumanzere kwa pomwe panali yanga, pali ZKK 602 ya .375 H&H, nayonso yoikiza, yomwe kapepala kake ndakatembenuza kale.