Anzanu akatsika, bwato latsala m'manja mwanu

Ulendo wa nyengo yotentha umayamba ndi anthu atatu kapena anayi, koma tchuthi cha anzanu chimatha msanga. Wina ntchito yamuitana, wina mafunde amukwana. Atsikira padoko, inu mwatsala nokha ndi bwato la matanga la mamita 10.

Ambiri amaopa pakati pa nyanja, komatu pamene pamavuta kwenikweni ndi padoko. Palibenso wolumphira kumtunda ndi chingwe. Choncho musanalowe, mukadali pamalo otakasuka, tsitsani matanga, yatsani injini, pachikani ma fender (zotchinga zofewa zoteteza bwato kuti lisagunde doko) mbali zonse ziwiri chifukwa simudziwa mbali yomwe a padoko akupatseni, ndipo zingwe zakutsogolo ndi zakumbuyo muzikokere pafupi ndi chiwongolero. Chingwe chokupulumutsani ndi chapakati. Chimangeni pa cleat (kachitsulo komangirapo zingwe) yapakati pa bwato, chikhale chachifupi. Mukangochikoleka kumtunda, bwato silingathawe, mphuno kapena mchira sizitalikira, zinazo mumanga mosathamanga. Mukaona kuti mwalowa molakwika, bwererani mukayambenso. Oonerera aseke, utoto wa bwato ngwanu.

Thanga lichepetseni msanga. Muli anayi mumatha kudikira mphepo ifike ma knot 20 (knot ndi muyeso wa liwiro panyanja). Muli nokha pindani ikamafika 15, kapenanso musananyamuke. Kuwonjezera thanga mphepo ikachepa n'kosavuta, koma kulimbana nalo pamlongoti bwato litapendekeka, chiwongolero chili chokha, ndi pamene anthu amagwera m'madzi.

Ndipo mukagwa, palibe wotembenuza bwato. Pa ma knot 5 limayenda mamita awiri ndi theka pasekondi iliyonse, autopilot (makina owongolera bwato okha) ikuliwongola mokhulupirika kukusiyani. Yalani jackline (chingwe chodzikolekerapo poyenda pabwato) kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, pafupi ndi pakati pa bwato osati m'mphepete, ndipo lamba wodzikolekera akhale wamfupi, woti musafike n'komwe pamadzi. Lamba wamtali amakukokani m'mbali mwa bwato, ndipo kudzikweza nokha zovala zitanyowa n'kovuta zedi. Jekete yoyandamitsa ikhale pathupi, PLB (kachipangizo koitanira opulumutsa kosonyeza pomwe muli) m'thumba mwake.

Autopilot ndiye mnzanu watsopano, koma amadya batire, makamaka mafunde akamachokera kumbuyo. Matanga akakhala osalinganizidwa bwino, autopilot amagwira ntchito kawiri, moto n'kutha msanga. Yang'anani mphamvu ya batire m'mawa ndi madzulo, firiji izimitseni ngati pafunika.

Za tulo musadzinamize. Lamulo 5 la malamulo opewera kugundana panyanja limafuna kuti pakhale woyang'anira nthawi zonse, ndipo munthu mmodzi sangathe usiku wonse. Sitima yoyenda ma knot 20 yomwe mwaiona pamtunda wa mamailosi 10 imatha kukufikani m'theka la ola lokha. N'chifukwa chake oyenda okha amagona mphindi 15 kapena 20, alamu ili pakhutu, AIS (chipangizo chosonyeza sitima zomwe zili pafupi) ili yoyatsa, wailesi ya VHF ili pa tchanelo 16. Nzeru yabwino ndi kudula ulendo: mamailosi 25 kapena 30 patsiku, kufika kukadali kowala. Onaninso pepala la inshuwalansi, makampani ena amaika malire pa maola oyenda nokha.

Tiyi muthire mu fulasiki musananyamuke, chakudya chikhale pafupi ndi chiwongolero. Poponya nangula, konzani tcheni padeki, kutalika kwake kuwirikize kanayi kapena kasanu kuya kwa madzi, imitsani bwato litayang'ana kumphepo, kenako pitani kutsogolo mukuyenda, osathamanga.