Ndinkayang'ana manja a Olajuwon pomwe nkhani inali kumapazi

Asainimenti yanga yoyamba pa kosi ya uphunzitsi wa masewero inabwerera ndi mzere umodzi wofiira pansi pake: "Madamu, mwandiuza zomwe anapata. Nanga anaphunzira bwanji?" Masamba anayi athunthu, olembedwa usiku ana atagona, malikisi osapatsidwa. Ndinapsa mtima, ndisaname.

Ine ndine mphunzitsi wa kupulaimale. Ntchemberembaye ndaisewera kuyambira ndili Sitandade 5, koma mpira wa basketball ndinali ndisanaugwirepo mpaka chaka chino, pomwe sukulu yathu inalandira mipira isanu ndi mabasiketi awiri, ahedi n'kundiloza chala kuti poti ndinu a zamasewero, ana akhala m'manja mwanu. N'chifukwa chake ndinalembetsa kosiyi. Ntchito yomwe anatipatsa inali yoti aliyense asankhe katswiri mmodzi, afufuze moyo wake, ndipo afotokoze momwe luso lake linakulira.

Anzanga ambiri anathamangira akatswiri otchuka a ku America, Michael Jordan ndi LeBron James. Ine ndinasankha Hakeem Olajuwon chifukwa cha kanthu kamodzi komwe kanandidabwitsa. Mu 1984, matimu a NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, akusankha osewera atsopano ochokera m'makoleji, timu ya Houston Rockets ndiyo inali yoyamba kutchula dzina, ndipo inatchula mnyamata wa ku Lagos, dziko la Nigeria. Jordan anatengedwa wachitatu ndi Chicago Bulls. Ndinafuna kudziwa kuti munthu ameneyu anali wotani kuti timu imutenge n'kusiya Jordan, koma mpaka lero osanenedwa kuti inapusa.

Zomwe ndinalemba poyambazo zinali ngati lipoti la kumapeto kwa teremu. Zikho ziwiri za NBA, mu 1994 ndi 1995. Mapointi 26,946. Mipira 3,830 yomwe anaiphula m'mwamba isanafike pabasiketi, nambala yomwe palibe waipitirira chiyambire kuwerenga zimenezi mu ligiyo. Mendulo ya golide ku Olympics ya 1996 ndi timu ya America. Zonsezi n'zoona, koma aphunzitsi sanalakwe. Mwana wa Sitandade 7 ndikamuuza kuti Olajuwon anaphula mipira 3,830, mawa achita chiyani chosiyana pabwalo?

Ndinayambiranso, ulendo uno kuchokera ku Lagos. Olajuwon anabadwa pa 21 January 1963, m'banja la Chiyoruba lomwe linkachita bizinesi ya simenti. Ali mwana ankasewera mpira wa miyendo ngati goloboyi, komanso handball. Basketball anaiyamba ali mnyamata wa kusekondale, msinkhu womwe anzake a ku America amakhala atasewera kale zaka zambirimbiri. Mu 1980 anakwera ndege kupita ku University of Houston, komwe mphunzitsi wa timu anali Guy Lewis. Olajuwon mwini wake amasimba kuti pabwalo la ndege panalibe womuchingamira, moti anachita kukwera takisi. Chaka choyamba sanasewere mu ligi ya makoleji n'komwe. Chachiwiri ankangolowa apo ndi apo. Kutalika anali nako, pafupifupi mamita 2.13, koma kutalika kokha sikusewera mpira.

Apa mpamene ndinaima nthawi yaitali. Pa holide, anthu a ku kolejiko anamuuza kuti azipita ku holo ina ya mumzinda wa Houston yotchedwa Fonde Recreation Center, komwe akatswiri ankakasewera ligi ikatsekera. Kumeneko kunali Moses Malone, wosewera wa Rockets yemwe anali atasankhidwa kale kukhala MVP, kutanthauza wosewera wopambana onse mu NBA. Malone sanali mphunzitsi woima ndi wezulo n'kumafotokoza. Ankangosewera naye, kumukankha, kumulanda mipira, kumugoletsa, osamumvera chisoni. Olajuwon wakhala akunena kuti masiku amenewo ndiwo anamusintha mwachangu, chifukwa atabwerera ku koleji anyamata anzake ankaoneka opepuka. Mu 1983 ndi 1984 timu ya kolejiyo, momwe mu 1983 munalinso katswiri wina Clyde Drexler, inafika ndime yomaliza ya mpikisano wa makoleji onse. Inagonja kawiri konse. Mu 1983 inagonja kwa North Carolina State ndi mapointi 54 kwa 52 pa sekondi yomaliza, komabe mphoto ya wosewera bwino koposa inapita kwa Olajuwon wa timu yogonjayo.

Zinandikhudza chifukwa ine ndimachita zosiyana ndi zimenezi. Pogawa ana m'magulu ndimaika odziwa ndi odziwa anzawo, ofooka ndi ofooka anzawo, ati kuopa kuti wina angalire. Ndiye wofookayo aona kuti luso?

Kenako ndinagula bando ya sabata n'kuyamba kuonera makanema. Nkhani yotchuka ya Olajuwon ndi kaseweredwe komwe anakatcha Dream Shake, potengera dzina lake la pabwalo loti The Dream. Amalandira mpira pafupi ndi basiketi, womutchinga ali kumsana kwake. Amagwedeza phewa ngati akhotera kumanja, n'kutembenukira kumanzere, n'kukweza mpira ngati aponya. Mdani akadumpha, iye adakali pansi, amadutsa kunsi kwa mkono wake n'kuponya mosavutikira. Masiku awiri oyamba ndinkangoyang'ana manja ndi mapewa, osamvetsa kanthu. Ndinapita pabwalo lathu la ntchemberembaye madzulo ana ataweruka, kuyesa, n'kupiringizika miyendo mpaka kukhala pansi fumbi kobo. Alonda a pasukulu anandifunsa kuti, "Madamu, kodi muli bwinobwino?"

Tsiku lachitatu ndinachepetsa liwiro la kanema n'kuphimba theka la pamwamba la foni ndi chala, kuti ndizingoona mawondo kutsika m'munsi. Pamenepo mpomwe ndinaseka ndekha. Chomwe ndinkaonacho ndinachidziwa kalekale. Phazi limodzi limakhala lokhomerera pansi ngati chikhomo, linalo n'kumazungulira. Ndi lamulo lomwe lija la ntchemberembaye lomwe amatiimbira nalo wezulo kuyambira tili ana: phazi lomwe watera nalo ukalinyamula, usaliponde pansi mpira usanachoke m'manja. Mu basketball lamulo lake ndi lofanana kwambiri, kusiyana kwake n'koti kuno umaloledwa kunjanjitsa mpira pansi ukuyenda, ndipo phazi lokhomereralo silinyamuka mpira usanachoke m'dzanja poyamba kunjanjitsako. Chinyengo chonse cha mapewa chija chimatheka chifukwa phazi lija silinasunthe, ndiye munthu adakali ndi njira ziwiri kapena zitatu zoti asankhe. Kawirikawiri Olajuwon ankalandira mpira akudumpha pang'ono n'kutera ndi mapazi onse awiri nthawi imodzi. Ukatero umasankha wekha phazi loti likhale chikhomo, ndipo wokutchinga sadziwa kuti ulowera kuti. Ife a ntchemberembaye timachita zomwezo, kungoti sitinaganizepo kuti ndi chida chonamizira mdani.

Iye mwini amati mapazi amenewa anawatenga ku mpira wa miyendo, ndipo kudziwa nthawi yodumphira kuti aphule mpira anakutenga pagolo. Ndikukhulupirira, koma nkhaniyi anthu amaikometsera mopitirira. Magoloboyi aatali alipo ambiri mu Africa muno, ndipo sanasanduke Olajuwon. Ugoloboyi unamupatsa poyambira. Chomwe chinatsatira ndi zaka zobwereza kutembenuka kumodzimodziko, kuwonjezerapo kena chaka chilichonse. Mukaonera kanema wa 1986 n'kuonera wa 1995 mukhala ngati mukuona anthu awiri. Woyambayo ndi mphamvu ndi kudumpha. Wachiwiriyo akuoneka ngati sakufulumira n'komwe.

Chinanso chomwe sindinachione polemba koyamba n'choti munthuyu anatha zaka khumi mu NBA asanagwire chikho. Mu 1986, ali ndi mnzake wamtali Ralph Sampson, anafika ndime yomaliza n'kugonja kwa Boston Celtics. Zaka zimenezo anali wa mtima wapachala. M'masewero omwe Rockets inatulutsa Los Angeles Lakers chaka chomwecho, iye anali atathamangitsidwa m'bwalo chifukwa cha ndewu, ndipo basiketi yopambanira anagoletsa ndi Sampson. Kenako panadutsa zaka zowuma, timu ikungotuluka msanga. Mu 1992 anakangana ndi akuluakulu a timu pa nkhani ya kuvulala ndi kontirakiti mpaka anapempha kuti amugulitse. Ankadziwikanso kuti mpira ukafika kwa iye subwerera, ngakhale atamuzinga anthu awiri kapena atatu.

Kusintha kunabwera mbali ziwiri. Kumbali ya moyo wake, anabwerera mwamphamvu ku chipembedzo chake cha Chisilamu, ndipo mu 1991 anakonza kalembedwe ka dzina lake kuchoka pa Akeem kukhala Hakeem. Ankasala m'mwezi wa Ramadan ligi ili mkati, ndipo mu February 1995, mwezi wosala, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana wa mweziwo. Kumbali ya bwalo, mphunzitsi watsopano Rudy Tomjanovich, yemwe anatenga timu mu 1992, anamuzunguliza ndi anyamata odziwa kuponya ali patali monga Kenny Smith, Vernon Maxwell ndi Robert Horry. Tsopano adani akamuunjirira awiri, mmodzi wa anzake amatsala yekha, ndipo ntchito ya Olajuwon inali kumuona n'kumupatsira. Anaphunzira zimenezi akuyandikira zaka 30, ali kale katswiri wolemekezeka. Kwa ine ichi n'chovuta kuposa Dream Shake. Kuphunzira chinthu ukadali mbuli n'kosavuta, aliyense amakukhululukira. Kuvomera kuti pali chomwe sukuchita bwino anthu akukuombera kale m'manja ndi nkhani ina.

Zotsatira zake ndi zija ndinadzaza nazo masamba poyamba. Mu 1994 anakhala MVP, wotchinga wopambana onse, komanso wosewera wopambana mu ndime yomaliza, zonse chaka chimodzi. Anagonjetsa New York Knicks ya Patrick Ewing, yemwe timu yake ya Georgetown inamulanda chikho cha makoleji zaka khumi m'mbuyomo. M'masewero achisanu ndi chimodzi a ndime yomalizayo, Knicks ikanatenga chikho wosewera wake John Starks akanagoletsa mpira wake womaliza, koma nsonga za zala za Olajuwon zinaukhudza. Mu 1995 Rockets inalowa m'mpikisano wa chikho ili pa nambala 6 kuchigawo chake, n'kudutsa onse. David Robinson wa San Antonio Spurs, yemwe anali MVP wa chaka chimenecho, ndiye anazunguzidwa koposa, ndipo kanema wake akudumphira mpira womwe sunaponyedwe ndi yemwe ndinamubwereza mpaka bando inatha. Pomaliza anakwapula Orlando Magic ya Shaquille O'Neal masewero anayi osayankha.

Nditafotokoza izi m'kalasi, bambo wina wa gulu la Jordan anadzutsa mkono. "Chemwali, zikho ziwirizo anatenga Jordan atapita kukasewera baseball." Ndinawayankha kuti, "Achimwene, cha 1994 ndikuvomera. Koma mu 1995 Jordan anali atabwerera mu March, ndipo Orlando yomwe inamutulutsa ndi yomweyo inakwapulidwa ndi Houston." Tinakangana mpaka nthawi ya tiyi, osagwirizana. Zilibe kanthu, funso la aphunzitsi silinali loti wamkulu ndani.

Olajuwon anamaliza ndi chaka chimodzi ku Toronto Raptors n'kupuma mu 2002. Chomwe ndinatsekera nacho asainimenti yachiwiri ndi zomwe zinachitika atapuma. Mu 2009 Kobe Bryant, katswiri wa Los Angeles Lakers, atangotenga chikho chake chachinayi, anapita ku Houston kukaphunzira mapazi kwa iye. LeBron James anapitanso mu 2011 atagonja mu ndime yomaliza. Pa kanema wa Kobe mulibe zodabwitsa. Anthu awiri m'holo yopanda oonerera, wamkuluyo akuonetsa pomwe phazi liponde, winayo akubwereza.

Asainimentiyo inabwerera ndi malikisi abwino ndithu, pamodzi ndi funso linanso lofiira: "Ndiye Lachiwiri mukaphunzitsa chiyani?"

Lachiwirilo mabasiketi sitinawayang'ane. Ndinajambula timikombero ndi choko pasimenti, mwana aliyense phazi limodzi m'kamkombero, mnzake kumsana kwake. Lamulo linali loti utembenuke mpaka upeze mpata, koma phazi lisatuluke. Anyamata omwe ankadzitama kuti amaonera NBA pafoni za akulu awo ankangotuluka m'mikomberomo, ena kugwa ngati ine tsiku lija. Atsikana a timu ya ntchemberembaye anangoti tembenu, tembenu, ngati akusewera phada. Ndinasakaniza magulu dala, mnyamata wamtali koposa m'kalasi n'kumupatsa kamtsikana ka Sitandade 6 komwe kamasewera pakati pa timu yathu. Kanagwedeza phewa kamodzi, iye n'kudumpha, iko n'kudutsa kunsi kwa mkono wake. Bwalo lonse linafa nalo phwete. Mnyamatayo anatola mpira, nkhope ili gwa, n'kuuponyanso kwa mtsikanayo.

"Tabwereza," anatero. "Sindinaone phazi."