Tsiku limene Observer anavutitsa apongozi anga

Gulu lina losunga ndi kubwereketsana ndalama linandipatsa ntchito yolemba pulogalamu m'chinenero cha makompyuta cha Java, pogwiritsa ntchito Spring Boot, chida chomangira mapulogalamu a Java. Zofuna zawo zinali zochepa: membala akabweza ngongole, alandire SMS yomutsimikizira. Imodzi basi. Mzere umodzi woitana sendSms() ukanakwanira, koma ine n'kuti nditangoloweza kumene ma design pattern 23 aja, njira zokonzera code zotchuka kuyambira 1994, manja akundiyabwa.

Mwa njirazo ndinasankha yotchedwa Observer. Nzeru yake ndi yabwino ndithu. PaymentService, gawo la pulogalamu losamalira malipiro, imasunga mndandanda wa omvera (ma listener, tizigawo todikira kuuzidwa kuti ndalama zalowa), ndipo ndalama zikalowa imadziwitsa aliyense wa pamndandandapo, osalabadira kuti uyu ndi wa SMS, uyu wa lisiti. Vuto linali pamene ndinaika mzere wolembetsa womvera. Ndinalemba addListener(new SmsListener()) mkati mwa method ya controller yolandira malipiro, kagawo ka code kamene kamagwira ntchito nthawi iliyonse munthu akalipira. Ndiye kuti munthu akangolipira, womvera watsopano ankalowa, akale aja ali chikhalire.

Ndinaiwalanso kuti mu Spring bean iliyonse (gawo la pulogalamu lomwe Spring imapanga ndi kusunga) imakhala singleton, kutanthauza imodzi yokha, pokhapokha utanena zina. PaymentService ndi imodzi yomweyo kuyambira pamene seva yayaka mpaka itazima, mndandanda wake ukungonenepa ngati nkhumba ya Khirisimasi. Pa laputopu yanga sizinaoneke, chifukwa ndikayesa kulipira kamodzi ndinkazimitsa pulogalamu n'kuiyatsanso, mndandanda n'kubwerera pa ziro. SMS imodzi, yoyera bwino. Ndinadziombera m'manja ndekha.

Linafika tsiku lobweza ngongole. Woyamba analandira uthenga umodzi. Wachiwiri analandira awiri, nkumati ndi netiweki. Wakhumi analandira khumi. Pofika munthu wa nambala 60, mauthenga onse otuluka anali 1,830, ndipo 60 mwa amenewo anakagwera pa foni imodzi ya mabatani. Mwini wake anali apongozi anga, omwe anandipezera ntchitoyi pouza gulu lonse kuti mkamwini wawo ndi katswiri wa makompyuta.

Anandiimbira ali ku mvano.

“Akamwini, pepani kukusokonezani. Kodi ngongole ija ndabweza kangati?”

“Kamodzi, amayi.”

“Nanga bwanji foniyi yandithokoza kuyambira pa nyimbo yoyamba mpaka pa chopereka? Amayi busa atembenuka kale katatu.”

Thukuta lili kamukamu, ndinasintha mndandanda uja kuchoka pa ArrayList kukhala HashSet, womwe ndi mtundu wa Set, poti Set salola zinthu zofanana kulowa kawiri. Ndinayatsanso seva, wolipira wotsatira n'kulandira uthenga umodzi, ine n'kuimbira tcheyamani kuti zatheka. Chomwe chinachiritsa pamenepo chinali kuyatsanso kuja, osati Set. SmsListener inalibe equals() ndi hashCode() zakezake, zomwe HashSet imagwiritsa ntchito podziwa ngati zinthu ziwiri n'zofanana, choncho kwa Java new SmsListener() iliyonse ndi mlendo wosiyana ndi mnzake. Winayo analandira awiri, wotsatira atatu, ndipo tcheyamani anandiimbira ndi mawu ena.

Mankhwala enieni anali aafupi mochititsa manyazi. Womvera amalembetsedwa kamodzi, pulogalamu ikamayaka, mwachitsanzo mu method ya @PostConstruct. Ine ndinachotseratu mndandanda wangawo: PaymentService imalengeza kudzera mu ApplicationEventPublisher, ndipo method ya SMS ili ndi @EventListener, kulembetsa kumakhala kwa Spring. Ndinalembanso test yolipira katatu motsatizana osazimitsa kanthu, chida choyesera code chotchedwa Mockito n'kutsimikizira ndi times(3) kuti mauthenga ndi atatu. Code yakale ija inatulutsa 6 pa test yomweyo. Mphindi zisanu zokha zikanandipulumutsa.

Ndalama za ma SMS owonjezera anazidula pa malipiro anga. Foni ya apongozi inadzaza moti sinkalandiranso uthenga wina uliwonse, ndipo batani lofufutira onse pamodzi sitinalipeze. Lamlungu lotsatira ndinakhala pakhonde pawo ndikufufuta umodzi umodzi, iwo akusenda mtedza, akuwerenga mokweza.