Pa njinga kuchokera ku Blantyre mpaka ku Lilongwe, pokumbukira achemwali anga

Achemwali anga anatisiya chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero. Anadwala nthawi yaitali osauza munthu, akumati ndi m'mimba chabe, ndipo pamene tinkapita nawo kuchipatala matenda anali atafalikira kale. Ndiwo anandilera mayi athu atamwalira, ndiwonso anandigulira njinga yanga yoyamba ndi ndalama za mandasi ndili ku sekondale. Nditabwera kumaliro mtima unakana kukhazikika, mpaka ndinaganiza zopalasa njinga pamsewu wa M1, mtunda wa makilomita opitirira 300, kuti anthu andithandize ndi kangachepe. Ndalamazo ndi zoti amayi a kumudzi kwathu apeze thiransipoti yokayezetsa. Kuyezetsako n'kwaulere m'zipatala za boma, koma mayi amene alibe ya minibasi safika n'komwe.

Ndinanyamuka m'nyengo yozizira, kusanache, chiperoni chitakuta Blantyre yense. Kuyambira ku Lunzu, Lirangwe mpaka ku Zalewa msewu umatsetsereka kwambiri, moti munthu umayamba kudziona ngati katswiri. Kumeneko ndinakumana ndi anzanga apanjinga enieni, anyamata a makala, akukankha matumba atatuatatu kukwera chitunda chomwe ine ndinkatsika mosavutika. Mmodzi anandifunsa kuti, "Achimwene, ulendo wa kuti ndi chikwangwani kumsanaku?" Nditamufotokozera anaima, n'kupukuta thukuta, n'kunena kuti azakhali ake anapita ndi matenda omwewo.

Ukangowoloka mlatho wa Shire pa Zalewa kumatentha, ndipo msewu wopita ku Phalula umatalika ngati chaka cha njala. Madzi m'botolo anafunda, chishalo chinayamba kuwawa. Choopsa kwambiri ndi malole ndi mabasi akuluakulu. Msewu ndi wopapatiza, m'mbali munadyeka, ndiye ukamva hutala kumbuyo umangotsikira m'fumbi osayembekeza kuti akupatse mpata. Aliyense amene akufuna kuyenda ulendo ngati uwu avale chovala chowala, ndipo dzuwa likamalowa achoke pamsewu. Tayala linaphwa ndisanafike pa Chingeni. Bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo anamata chubu, ndipo atawerenga chikwangwani changa anakana ndalama.

Ntchito yeniyeni inayamba nditadutsa pa boma la Ntcheu. Kuchokera pamenepo ndi zitunda zokhazokha, ukamaliza china chikukudikira kutsogolo. Mwayi wanga unali woti mphepo ya mwera inkandikankha kumsana. Apa m'pamene ndinawaganizira kwambiri achemwali, ndipo pa chitunda china ndinatsika panjinga n'kukhala pamwala, misozi ili chuchuchu. Kumanzere kwa msewu kunali Mozambique, kumanja Malawi, anthu akuwoloka uku ndi uku ndi madengu pamutu.

Pa Lizulu ndinaima kuti ndidye chipisi. Msika wake ndi wodzaza ndi kabichi, tomato, karoti ndi mbatata ya kachewere, ndipo ogulitsa ambiri ndi amayi. Mayi wina wachikulire anandiyitana.

"Mwanawe, tabwera kuno. Matenda walembawa, amati akayeza amachotsa chiberekero, n'zoona?"

"Ayi mayi," ndinawayankha. "Anamwino amangopaka viniga pa khomo la chiberekero n'kuyang'ana. Sizitenga nthawi. Akapeza zizindikiro msanga amathandiza matenda asanakule."

Posakhalitsa amayi ena anasiya malonda n'kutizungulira. Wina anafunsa ngati ndi matenda olodzedwa, wina ngati katemera amene ana aakazi amalandira kusukulu satseketsa kubereka. Ndinawauza zomwe ndinaphunzira m'chipatala ndikudwazika achemwali: kuti matendawa amayamba ndi kachilombo ka HPV, kuti katemerayu anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9 ndipo satseketsa kubereka, komanso kuti amayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chachikulu ndiye asamadumphe kuyezetsa. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri padziko lonse, koma nkhani yake timaikamba monong'ona, mwamuna ndiye sayitchula n'komwe. Zimandipweteka kuti manyazi omwewo ndi amene anawatsekera pakamwa achemwali anga. Ndinakhala pa Lizulu nthawi yaitali kuposa mmene ndinakonzera, ndipo ponyamuka mayi aja anandiikira nthochi m'chikwama.

Ku Dedza kunazizira mpaka zala kukanika kugwira mabuleki. Kuchoka apo, kudzera ku Linthipe ndi Nathenje, miyendo inkangopalasa yokha. Ku Lilongwe ndinapeza ana a achemwali akundidikira pamodzi ndi anzanga a kutchalitchi, ndipo wamkulu anandilanda njinga n'kuikankha yekha.

Amene munatumiza pa Airtel Money ndi Mpamba, ngakhale inu amene munandipatsa madzi akumwa panjira, zikomo kwambiri. Ndalama tazipereka m'manja mwa komiti ya amayi kumudzi, ndipo akugwirizana ndi alangizi a zaumoyo za tsiku loti gulu loyamba lipite kukayezetsa. Chaka chamawa ndikufuna kupitiriza kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu, ndipo amene ali ndi njinga yolimba abwere tipalase limodzi.